Nkhandwe Abisa Mawondo

Padangokhala. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse, nkhani iyende.

Kunali dziko limene mfumu yake inali Ntchefu. Mfumuyo inali ndi nduna yaikulu, Njiri, ndiponso mthenga wake, Nkhandwe. Pa liwiro mthenga ameneyu analibe mnzake. Ukamutuma m'mawa kumudzi wakutali, dzuwa lisanafike pamutu umangoona watulukira, yankho lili kukamwa. Nzeru nazo anali nazo zosefukira, ndipo pamowa woseketsa anthu anali iyeyo. Nthabwala yake yaikulu inali kutsanzira okalamba. Ankagwira m'chiuno, n'kumatsimphina uku akubuula, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti.

Amayi a pamtondo anamupekera nyimbo. Inali yaifupi, yofunsana. Mmodzi ankafunsa ngati alipo wamuona mthenga wa mfumu, anzake onse n'kuyankha kuti aona fumbi lokha, mwini fumbi wapita kale. Ankaiyimba nthawi iliyonse Nkhandwe akamanyamuka, minsi ikugunda mofulumira ngati mapazi ake.

Zaka zinapita. Chaka china, nyengo yozizira itafika, Nkhandwe anadzuka mawondo ali gwa, ngati wina wawamanga ndi luzi. Anaganiza kuti mwina wangogonera, ndipo atayendayenda pang'ono anamasukadi. Koma m'mawa mwake zinali chimodzimodzi, ndipo sizinasiye. Akamakhala pansi kapena kudzuka, m'mawondomo munkalira ngati mapesi ouma. Akathamanga ulendo wautali, pobwera mawondo ankatupa, n'kumaphwanya kuchokera m'kati.

Sanauze munthu. Mkazi wake, Nangondo, ankamuona akugwira khoma podzuka, ndipo tsiku lina anamufunsa. Nkhandwe anayankha kuti akuyesa ngati khomalo n'lolimba, chifukwa chiswe chachuluka masiku ano. Nangondo anamuyang'ana, n'kungopitiriza kusesa. Mumtima mwake Nkhandwe ankati mthenga wopanda miyendo ndi ng'oma yong'ambika. Akadzaulula, adzakakhala bwanji pakati pa okalamba omwe aja ankawatsanzira?

Tsiku lina mfumu inamutuma kwa Njati, mfumu ya tsidya lina, kukawaitanira ku mowa wokumbukira makolo. Nkhandwe anawomba m'manja, n'kunyamuka. Amayi anayamba nyimbo ija. Iye analuma mano, nathamanga monga mwa masiku onse mpaka anabisika kuseri kwa chulu. Pomwepo anagwa pansi, atagwira mawondo onse awiri, misozi ili mbwembwembwe.

Pamtengo panali Pumbwa, mbalame yosadziwa kusunga mawu. Nkhandwe anapukuta m'maso, namukodola.

"Pumbwa, mnzanga, ndili ndi chinsinsi. Koma usauze munthu."

"Pakamwa panga ndi manda," anatero Pumbwa.

Nkhandwe anamunong'oneza kuti kwa Ntchefu kwaphikidwa mowa wa makolo, oitanidwa ndi a Njati, tsiku lake ndi lakuti, koma iwo asamve msanga chifukwa iye akufuna kukawadabwitsa yekha. Asanamalize n'komwe, mapiko a Pumbwa anali atayamba kale kuyabwa. Dzuwa lisanapendeke, kwa Njati ngakhale mwana wa kumsana anali atamva. Nkhandwe anagona pamthunzi tsiku lonse, kenaka anadzigubuduza m'fumbi, nalowa m'mudzi ali wefuwefu.

Pa tsiku la mowa Njati anafika ndi anthu ake onse. Anauza Ntchefu kuti mthenga wake ndi wodabwitsa, pakuti uthenga unafika koma mwini wake palibe anamuona. Amayi atamva zimenezo analulutira, nayambanso nyimbo yawo, akuti taonani, mawu athu aja ndi oona. Nkhandwe anaseka nawo, koma mowa wa tsikulo unamuwawasira kukhosi. Anthu atamupempha kuti atsanzire okalamba, anati wakhuta kwambiri.

Sipanapite nthawi, mfumu inamutumanso. Ulendo uno inamupatsa chipanda cha uchi choti akapereke kwa apongozi ake a mfumuyo. Uchi sunganong'onezedwe kwa mbalame. Amayi anaimba, wofunsa anafunsa, oyankha anayankha za fumbi, ndipo Nkhandwe anathamanga mpaka kuseri kwa chulu kuja. Atakhala pansi akuganiza, anaona Mbidzi akudya msipu.

"Achimwene, ndamva zondimvetsa chisoni," anatero Nkhandwe. "A Mphalapala akuuza anthu kuti msana wanuwo ndi wongokongola mizere. Akuti simungasenze ngakhale chipanda cha uchi osautaya."

Mbidzi anasiya kudya. "Ikani chipandacho apa."

Nkhandwe anati zimenezo n'zabwino, koma popanda mboni a Mphalapala sangakhulupirire, ndipo mboni yeniyeni ndi imene yakhala pamsana pomwepo n'kuona kuti dontho silinagwe. Motero anakwera. Mbidzi anamunyamula popita ndi pobwera pomwe, akunyang'wa njira yonse. Pafupi ndi mudzi Nkhandwe anati atsike, koma phazi litangogunda pansi bondo lamanzere linakana, ndipo anadzandira. Mbidzi anafunsa chavuta n'chiyani. Iye anati ndi dzanzi chabe, msana wa achimwene ndi wofewa moti mwendo unagona tulo.

Mfumu inakondwa ndi changu chake, ndipo inamuveka mkanda wa ulemu pamaso pa anthu. Mkandawo unali wopepuka, koma m'khosi mwa Nkhandwe unkalemera ngati mphero. Atafika kunyumba, Nangondo anamuuza motsitsa mawu kuti kudambo kuli sing'anga, Dokowe, amene amadziwa za miyendo. Nkhandwe anamukalipira, nati m'nyumba muno wodwala mulibe. Atakalipa anachita manyazi, koma kupepesa sanapepese.

Ndiye linafika tsiku limene mdzukulu wa mfumu anadwala. Thupi linatentha ngati mbaula, maso anatembenuka. Mfumu inatuluka yokha m'nyumba, nigwira Nkhandwe dzanja, niti athamange akatenge Dokowe. Amayi anaimba nyimbo ija, koma tsiku limenelo anaimba motsitsa, mwachangu, ngati akupempha.

Kuseri kwa chulu Pumbwa kunalibe. Mbidzi analipo, koma anali atakumana kale ndi Mphalapala n'kudziwa kuti anapusitsidwa, choncho anangotembenuza msana. Nkhandwe anaona kuti nzeru zamuthera, ndipo anathamanga ndi mtima wonse, chifukwa mwanayo ankamukonda. Anafika m'mphepete mwa munda wa Nungu, ndipo pamenepo mawondo anamupereka. Anayesa kudzuka, anagwa. Anakwawa, analephera. Dzuwa linkapita.

Mfumu itaona kuti akuchedwa, inatuma Njiri ndi mnyamata wina waliwiro, Gwape, kuti amulondole. Anamupeza ali gone panjira. Njiri anauza Gwape kuti apitirire kwa Dokowe osacheuka, kenaka anawerama.

"A Nkhandwe, chakugwetsani n'chiyani?"

Mawu oona anali pa nsonga ya lilime. Koma Nkhandwe anayang'ana nkhope ya Njiri, nakumbukira kuti nduna imeneyi nayo anaitsanzirapo pamowa. Maso ake anagwa pansi, ndipo pansipo panali munga wa nungu, wongoyoyoka wokha.

"Ndaponda mankhwala," anatero. "Wina wanditchera panjira pano. Taonani."

Nungu anali mlimi wosalankhulalankhula, wokhala kumapeto kwa mudzi ndi mkazi wake. Anthu ankamuopa kale chifukwa cha minga yakeyo, ndipo mawu a Nkhandwe anagwera pa udzu wouma. Anyamata anathamangira kumundako kukafuna nyanga. Anazula chinangwa, anafukula mizere, anagwetsa nkhokwe. Nyanga sanaipeze, koma Nungu anamumanga ndi chingwe n'kumukhazika pabwalo kudikira mlandu. Nkhandwe uja anthu anamunyamula pamachira, ndipo podutsa pabwalopo anatseka maso ngati wakomoka, kuti asaonane ndi Nungu.

Dokowe anafika ndi Gwape, nalowa kwa mwana. M'mawa mwake mwanayo anapempha phala. Mfumu itapuma, inapempha Dokowe kuti mlandu usanayambe akaonenso mthenga wake.

Nkhandwe anali atakonzeka. Panjira paja anali atathyola kachidutswa ka munga uja n'kukabisa m'bweya wa pabondo, kuti sing'anga akapeze n'kunena kuti wazula nyanga. Dokowe anakhala pamphasa, napempha Nangondo kuti ayambe watuluka. Anapapasa bondo, nakapezadi kachidutswako. Anakayang'ana, nakaika pambali.

"Munga ukalowa m'thupi umasiya khomo," anatero. "Apa khomo palibe."

Anapitiriza ntchito yake osafulumira. Anapinda mwendo n'kuuwongola, khutu lili pafupi. Anadina m'mbali mwa bondo, akuyang'ana nkhope ya wodwalayo kuti aone pamene pakupweteka. Anaika dzanja pabondo lina, kenaka linzake, kuyerekeza kutentha ndi kutupa kwake. Anafunsa kuti zinayamba liti, ndipo Nkhandwe anati dzulo. Dokowe anagwira ntchafu yamanzere namuonetsa mmene yaphwera poyerekeza ndi inzake. Anati mwendo umaphwa chonchi mwini wake akakhala nthawi yaitali akuusungira, ndipo m'mphepete mwa fupa simukhuthala tsiku limodzi. Anafunsanso ngati m'mawa mawondo amauma, ndiponso ngati kuumako kumatha akayendayenda pang'ono kapena kumafika mpaka masana. Anafunsa za zala ndi zigongono. Nkhandwe anayankha funso loyamba akuyang'ana kudenga, lachiwiri akuyang'ana pansi, ndipo pofika lachitatu anali atasiya kunama.

"Iyi ndi nyamakazi, a Nkhandwe. Inu odya nyama mumakadziwa kafupa kofewa, koterera, kamene kamakhala kumapeto kwa fupa. Kameneko ndi kamene kamachititsa kuti mafupa asakhulane. Kanu kaperepeseka ndi zaka ndiponso maulendo. Palibe anakutumizirani."

Anamuuzanso kuti ilipo nyamakazi ina, yogwira zala za manja onse awiri, youmitsa thupi mpaka masana, imene imafuna mankhwala ena ndiponso changu. Yake sinali imeneyo. Yake inali yoti munthu amakhala nayo n'kukalamba akuyenda, akaisamala.

Nkhandwe anamugwira mwendo. Anapempha kuti pabwalo akanene kuti matendawa sakudziwika. Dokowe anachotsa dzanjalo mwaulemu.

"Zimene ndaona m'nyumba sindipita nazo pabwalo. Koma mfumu ikandifunsa, sindinama. Kuli bwino amve kwa inu."

Ng'oma ya mlandu inalira. Nkhandwe anapita pamachira, mutu ukuzungulira, kufunafuna njira yomasulira Nungu popanda kudzivula yekha. Pofika pabwalo anali ataipeza. Atapatsidwa mpata, anati makolo amulotetsa maloto. Amuuza kuti Nungu alibe mlandu, munga uja unangogwa wokha, ndipo nkhaniyi ithere pomwepa. Anadziyamikira mumtima, poganiza kuti watseka makomo onse awiri.

Koma Njiri anafunsa kuti ngati si Nungu, nanga ndani, pakuti mthenga wa mfumu sangangogwa ngati papaya. Anthu anayamba kung'ung'udza. Kumbuyo wina ananena kuti wolodza miyendo ndi amene amadziwa pamene mwini wake amaponda akadzuka, ndipo woteroyo sakhala kutali, amakhala m'nyumba momwemo. Maso onse anatembenukira kwa Nangondo.

Nangondo anali atagwada kumbali ya amayi. Ankadziwa zonse kuyambira tsiku la khoma lija. Akanatha kudzipulumutsa ndi mawu ochepa, koma sanatsegule pakamwa. Anangoyang'ana mwamuna wake. Anyamata anayamba kumasula chingwe m'manja mwa Nungu, ndipo mmodzi anapita nacho kumene kunali mayiyo.

Nkhandwe anatsika pamachira. Anaika dzanja pansi, nadzikankha pang'onopang'ono, monga momwe ankachitira m'nyumba popanda womuona. Bwalo linali zii, moti aliyense anamva kulira kwa m'mawondo mwake. Anaima mokhota, miyendo ikunjenjemera, chimodzimodzi okalamba aja.

"Chalo, mfumu yanga, musiyeni mkazi wanga. Musiyeninso Nungu. Wondilodza palibe. Ndikudwala nyamakazi, ndipo sinayambe dzulo."

Ananena zonse: za Pumbwa, za Mbidzi, za munga umene anautola ndi maso panjira, ngakhale za maloto amene sanalote. Polankhula ankadikira kuti wina aseke. Akanakonda aseke, chifukwa kuseka ankakudziwa, akanatha kukusandutsa nthabwala. Palibe anaseka. Amayi a nyimbo aja anaweramitsa mitu. Nkhandwe anakhumba nthaka itang'ambika.

Mfumu inati kudwala si mlandu, ndipo Nkhandwe akananena, ikanatuma Gwape kuyambira m'mawa, mwana sakanafika pakhomo la manda.

"Mlandu wako ndi mikwingwirima ya chingwe ili m'manja mwa Nunguyo," inatero mfumu. "Ndiponso munda wake."

Inalamula kuti mkanda uvulidwe, ndipo ntchito ya mthenga ipite kwa Gwape. Anyamata ogwetsa nkhokwe aimangenso. Koma munda aukonze Nkhandwe yekha, mzere ndi mzere, ngakhale zitamutengera dzinja lonse. Nungu anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anasisita m'manja mwake, nadzuka, n'kumapita kwawo.

Madzulo ake Nkhandwe anapempha Dokowe kuti amuteme mphini zakuya, matendawo atuluke ndi magazi, athe kamodzi. Dokowe anakana. Anati mpeni sungabwezere kafupa koperepeseka, ungangowonjezera chilonda. Anaitana Nangondo kuti amve nawo. Mawondo azithowedwa ndi madzi ofunda m'mawa asanayambe kuyenda. Asamangogona, chifukwa bondo losayenda limauma ngati chikopa chapadzuwa, koma asathamange, asanjute nthawi yaitali, asasenze zolemera. Aziwongola ndi kupinda miyendo atakhala, kuti ntchafu zibwerere mphamvu n'kumathandiza bondo. Akapeza mpata aziyenda m'madzi ofika m'chiuno, poti madzi amasenzako thupi. Mafuta achepetse, thupi lipepuke. Anamupatsa makungwa oti azimwa pa masiku oipa okha, atadya kaye, namuchenjeza kuti amenewo amangogonetsa ululu, sachotsa matenda. Bondo likadzatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi n'kuphwanya, asadzabisenso, adzatume munthu tsiku lomwelo. Pomaliza anamupatsa ndodo.

Mankhwala onse aja Nkhandwe anawalandira, koma ndodoyo anaiyang'ana ngati njoka. Nangondo anaitenga, naiimika pakhomo pamene sangatuluke osaiona. Nkhandwe anafuna kunena zambiri kwa mkazi wake, koma anangoti zikomo. Nangondo anayankha kuti madzi afunda, aike miyendo apa.

Njira yopita kumunda wa Nungu inkadutsa pakati pa mudzi. M'mawa uliwonse Nkhandwe ankaidutsa ndi ndodo, khasu la mpini wautali lili paphewa. Masiku oyamba ankayenda maso ali pansi, akumva ngati mudzi wonse ukumuwerenga mapazi. Pumbwa anali atafalitsa nkhaniyo mpaka kwa Njati, nthawi ino popanda womupempha kusunga chinsinsi. Ana ena anayamba kumutsatira akutsimphina, mpaka Njiri anawathamangitsa. Nkhandwe sanadandaule. Ankadziwa amene anawaphunzitsa.

Ankalima pang'ono, n'kupuma, n'kulimanso. Masiku ena mawondo ankalola, masiku ena ankakana, koma kutupa kuja kunayamba kuchepa, ndipo ntchafu yamanzere inayamba kudzaza. Nungu ankalima mbali ina ya munda womwewo. Nkhandwe ankamupatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse moniyo ankagwa pansi. Kangapo anakonza mawu okoma opepesera, osanjidwa bwino monga ankadziwira, koma akafika pafupi ankaona kuti nawonso akununkha uchenjezi, n'kuwameza.

Chinangwa chatsopano chitayamba kuphuka, kunacha tsiku lozizira kwambiri. Nkhandwe anafika kumunda mochedwa, akukoka mwendo. Anayesa kukweza khasu, nalitsitsa. Anakhala pachitsa, nkhope ataibisa m'manja. Atadzutsa mutu anaona mkazi wa Nungu akuika mphika pambali pake, nthunzi ikutuluka, kansanza kali pakamwa pa mphikawo. Mayiyo anabwerera. Nkhandwe anayang'ana mphika, nayang'ana Nungu, osadziwa chochita.

Nungu sanasiye kulima, ndipo sanacheuke.

"Madziwo si akumwa," anatero. "Thowani mawondowo. Mizere ikadalipo."

Nkhandwe anaviika kansanza kaja m'madzi, nathowa.

Nthano yanga yafika kumapeto kwa mzere. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule, isanapserere.